Mbuzi za a Hezron Zadya Chiyani?

Mutu 5

1. Thumba limodzi

Chaka chimenecho feteleza wotsika mtengo adawayendetsa anthu a m'midzi ya kufupi ndi Katowo mpaka mapazi kuchita matuza. Amayi ake a Rahab, amene m'mudzimo ankangowatchula kuti NyaBanda, dzina lawo lidatuluka ndithu pakati pa oyenera kugula. Koma chidatuluka msanga ndi dzina, thumba ndiye ayi. M'mawa uliwonse ankalawirira kumalo ogulitsira, madzulo n'kubwerako ndi nkhani m'malo mwa katundu. Lero netiweki yavuta. Lero galimoto sinafike. Lero makina atha moto.

Potsiriza adabwera ndi thumba limodzi lokha, la feteleza wobereketsa, woyera ngati shuga uja. La wokulitsa adawauza kuti azikayang'anabe.

"Thumba limodzi munda wonse uja!" adatero NyaBanda atalitula pakhonde. "Kodi akufuna ndizithira ngati mchere wa m'ndiwo?"

Rahab, mtsikana wa Fomu 2, adaseka. Amayi ake sadaseke nawo. Iwo kwawo kudali ku Dowa, koma chimwalirire bambo ake a Rahab adatsalabe m'mudzi wa amuna awo, akulima munda wa malemuwo. Chakudya chawo, sopo wawo ndi sukulu ya Rahab, zonse zinkachokera m'munda umenewo.

Kuseri kwa nyumba yawo kunkakhala a Hezron, akulu awo a malemuwo. Rahab ankawaitana kuti adada, monga amachitira ana a kumeneko. A Hezron nawonso adali ndi dandaulo lawo. Chaka chapitacho boma lidawapatsa mbuzi ziwiri zazikazi m'malo mwa feteleza, ndipo chaka chino dzina lawo silidatulukenso.

"Ine ndinapempha feteleza, iwo anandipatsa zinthu zolira," ankatero kwa aliyense wowapatsa moni.

Koma amenewo adali mawu apakamwa chabe. Mbuzizo ankazikonda koopsa. Adazimangira khola la m'mwamba lofolera bwino kuposa khitchini yawo. Yakuda, yomwe idali yadyera kwambiri, adaitcha Kuponi. Yofiirira adaitcha Netiweki, chifukwa nthawi iliyonse imene ankaifuna sinkapezeka.

Kuponi idali ndi bere lalikulu, ndipo mudzi wonse unkalidziwa bere limenelo. Kalabu ya alimi idapangana kuti aliyense wolandira mbuzi azipereka mwana woyamba ku banja lina limene silidalandire. Choncho anthu ambiri ankapereka moni kwa a Hezron maso ali pamimba pa mbuzi.

Tsiku lina a Hezron adaima pakhonde pa NyaBanda, n'kuliyang'ana thumba lija kwa kanthawi.

"Alamu," adatero, "inu muli ndi feteleza wosakwana, ine ndili ndi ndowe zongodzaza pansi pa khola. Tiyeni tipange manyowa a Mbeya. Thumba lanu limodzili libereke matumba angapo, tigawane."

NyaBanda adavomera. Koma iwo adali asanaleke kuthamangira thumba lachiwiri lija, ndipo msana wa a Hezron sunkalola kuwerama nthawi yaitali. Motero ntchito yosakaniza idagwera Rahab.

2. Chenjezo

Lachisanu madzulo a Hezron adamuitanira Rahab kuseri kwa khola. Pamenepo padali mulu wa ndowe zouma zosinja, ndowa ya phulusa losefa, ndi dengu la gaga. Rahab atangoona mmene a Hezron adakhalira pachitsa, adadziwa kuti mawu akhala ambiri.

"Pulika, mwana wane," adayamba motero, kumuuza kuti amvetsere. "Ntchito iyi si yovuta, koma ili ndi dongosolo lake. Uyambe kuyala ndowe. Pamwamba pake phulusa. Usakanize mpaka zisadziwike kuti ichi n'chiyani. Kenako gaga. Feteleza pomalizira penipeni, ndi madzi pang'ono. Ukatero uthire m'matumba a pulasitiki mkati, umange zolimba, tiike pamthunzi zipse."

"Ndamva, adada."

"Sunamve, chifukwa sindinathe. Ukudziwa chifukwa chake ndowe zimayamba?"

Rahab adapukusa mutu, maso ali kunjira.

"Ino ndi nthawi yomwe mbuzi zimayenda zosamanga, poti m'minda mulibe mbewu. Mbuzi ikanunkhiza gaga imabwera ngakhale ili kutsidya kwa dambo. Koma gaga amene wakhudzana ndi ndowe zake siimuyandikira, imanyansidwa naye. Tsono iwe ukayamba ndi gaga, n'kuthiramo feteleza woyerayu, wakonza phwando la maliro. Mbuzi siisankha, imanyambita zonse mpaka pansi. Ndinaziona ndi maso anga kwa a Amock ku Thazima. Anasiya zoterezi pabwalo akuti akamwe tiyi kaye. Asanamalize kapu, ng'ombe yawo ya mkaka inali chigonere, miyendo itauma gwa. Munthu wamkulu analira pamaso pa ana."

"Inde, adada."

"Ndipo umve ichi, chifukwa mawa ukhoza kudzakhala ndi ziweto zako. Mbuzi ikatupa mimba, funso loyamba si lakuti tiipatse chiyani. Funso loyamba ndi lakuti yadya chiyani. Ikakhala kuti yakhuta chimanga kapena gaga wamba, timaimwetsa soda, yemwe uja wa therere, imaphwa. Koma ikakhala kuti yadya feteleza, soda ndiye woithamangitsira kumanda. Pamenepo pamafunika chowawasa, mandimu kapena viniga, ndi madzi ozizira ambiri. Matenda amaoneka amodzi, mankhwala ndi osiyana. Wamva?"

"Ndamva chomene," adayankha Rahab.

Kunena zoona, adamvadi. Rahab sadali mwana wogontha kapena wopusa. M'kalasi phunziro la zaulimi ankakhoza bwino kuposa anyamata onse. Vuto lake lidali kwina.

3. NyaKhola

Vuto lake lidali Diana.

Diana adali mnzake wa m'kwaya ya achinyamata, mwana wa mayi amene adali wapampando wa kalabu ya alimi ija. Adali ndi mawu okoma poimba, ndi lilime lakuthwa akasiya kuimba. Sabata yapitayo Rahab adathandiza a Hezron kukokolola ndowe pansi pa khola, n'kuthamangira ku kwaya atangosamba m'manja. Ali pakati pa nyimbo, Diana adakweza mphuno.

"Kodi alowetsa mbuzi m'tchalitchi muno ndani?" adafunsa mokweza. Kenako adatembenukira kwa Rahab. "Ooh, pepani, ndi a NyaKhola."

Kwaya yonse idafa ndi phwete. Dzinalo lidamumata Rahab ngati chisoso pa siketi, moti pofika Lolemba lidali litafika kale kusukulu.

Tsono Loweruka la ntchito ya manyowa lidalinso tsiku la kwaya. Ankakonzekera ulendo wokaimba ku Mlowe, ndipo wotsogolera adanenetsa kuti wojomba atsala. NyaBanda adalawirira kukadikira thumba lawo. A Hezron adatsikira kudimba, atanena kuti abwerako dzuwa likafika pamutu.

Rahab adaima pakati pa mulu wa ndowe ndi dengu la gaga. Adayang'ana manja ake, omwe adali atawadzola mafuta onunkhira a amayi ake. Adayang'ananso ndowe zija.

Akadatha kuisiya ntchito yonse kuti adzaigwire pobwera. Akadathanso kuigwira monga adauzidwira, n'kusamba bwinobwino ndi sopo. Koma nzeru za munthu wofuna kukondweretsa mbali zonse n'zodabwitsa. Rahab adaganiza zoyamba ndi zinthu zoyera, kuti a Hezron akabwera apeze ntchito yayambika, zonunkhazo adzathire pobwera ku kwaya.

Adayala chiguduli pansi. Adakhuthulirapo gaga, n'kuyeza feteleza, n'kusakaniza bwinobwino ndi manja ake onunkhira aja. Adaponya maso uku ndi uku. Mbuzi sizinkaoneka, zidali kutali kudambo. Adavindikira muluwo ndi dengu, n'kuikapo kamwala pamwamba.

Kamwala! Mbuzi imene imakwera pa nkhokwe, imene imatsegula chitseko cha khitchini ndi mphuno, iye adaitchinga ndi kamwala kosakwana n'chibakera chomwe.

Ku kwaya zinthu zidayenda bwino. Diana adanunkhiza, sadapeze kanthu, adangoti, "Lero ndiye mwasamba, asisi." Rahab adaimba ndi mtima wonse, ndipo dzina lake lidalowa m'gulu la opita ku Mlowe.

4. Dengu lagubuduzika

Akutulukira pakona ya nyumba ya a Hezron, nyimbo idakali pakamwa, Rahab adaona dengu lili chagada pafupi ndi mtengo wa mandimu. Pachiguduli paja padali Kuponi, mutu uli pansi, mchira ukugwedezeka ndi chisangalalo. Pakati pa mulu padali chidzenje. Netiweki, monga mwa khalidwe lake, idali itangofika kumene, koma nayonso pakamwa padali patayera.

"Choka! Choka iwe!" Rahab adakuwa, akuzigenda ndi patapata.

Mbuzi zidathawira pansi pa khola, zikunyambita milomo. Rahab adaima chilili. Kudimba sikudali kutali. Akadathamanga, a Hezron akadafika mbuzizo zisanayambe n'komwe kudwala.

Sadathamange. M'malo mwake adagwira fosholo. Adakokera ndowe zonse pa gaga wotsalayo, adakhuthulirapo phulusa, n'kuyamba kusakaniza ngati wopenga. Fosholo itamuchedwetsa adaiponya, adalowetsa manja. Ndowe zomwe ankaziopa m'mawa zija tsopano zidamufika m'zigongono, ndipo za mafuta onunkhira sadazikumbukirenso.

A Hezron atafika, khasu lili paphewa, adapeza mulu wakuda wosakanizika bwino. Adatapako pang'ono, adafinya m'dzanja, adagwedeza mutu mokhutira.

"Yewo, mwana wane. Iyi ndiye ntchito. Ndinkadziwa kuti wamva."

Mawu oyamikirawo adamulasa Rahab kuposa kukalipira.

Nthawi yomweyo pansi pa khola padamveka kulira kwachilendo, kosakhala kwa njala kapena koitana inzake. Kuponi idatuluka ikudzandira. Thupi lonse linkanjenjemera, thovu likutuluka kukamwa, mano akukukutika. Mbali ya kumanzere kwa mimba idali itatupa kupitirira bere lija. Idayenda pang'ono, n'kugwada.

A Hezron adaponya khasu. Msana wowawa uja adauiwala, adagwada pafupi ndi mbuziyo n'kugogoda mimba yake ndi zala. Mimbayo idalira ngati ng'oma.

"Rahab! Mbuzi iyi yadya chiyani?"

Funso lija lidafika, lomwe lija la dzulo, mawu ake osasintha ngakhale limodzi.

"Iwe wakhala pano. Waiona ikudya chiyani? Nena msanga!"

Rahab adayang'ana mulu wa manyowa. Adayang'ana nkhope ya a Hezron, yomwe posachedwapa inkamumwetulira.

"Yadya gaga, adada," adatero ndi mawu otsika. "Inagubuduza dengu."

Limenelo silidali bodza. Gaga idadyadi, dengu idagubuduzadi. Rahab adangodula nkhaniyo pakati, n'kupereka chidutswa chimene sichikadamupweteka.

"Gaga yekha?"

"Gaga."

"Dyera lakeli lidzaipha mbuzi imeneyi," adatero a Hezron, mtima utatsikako pansi. "Thamanga, katenge soda m'khitchini, ndi botolo, ndi madzi."

Ndipo Rahab, mwana wokhoza zaulimi, amene adamva chenjezo lonse n'kuyankha kuti wamva chomene, adapita ndi miyendo yake kukatenga sodayo. Adasungunula yekha. Adagwira yekha nyanga za Kuponi pamene a Hezron ankaimwetsa. Mumtima ankangoti mwina idadya pang'ono, mwina adada adakokomeza dzulo, mwina ziphwa zokha.

5. Chidutswa chotsala

Sizidaphwe. Pasanapite nthawi Kuponi idagwa cham'mbali. Miyendo idayamba kupalasa pansi, kenako idauma. Maso adatembenuka. Mpweya unkatuluka movutikira, ndipo mimba inkangokulirakulira.

"Yayi, yayi, izi si za gaga," a Hezron ankalankhula okha, akuisisita pakhosi. "Gaga satere. Kuponi, dzuka. Dzuka, mama."

Kuponi sidadzuke. Idaphiriphitha kamodzi, n'kukhala chete. A Hezron adasiya dzanja lawo pamimba paja kwa nthawi, ngati akudikira kuti cham'katimo chigunde. Kenako adalichotsa pang'onopang'ono.

Ali chigwadire choncho, Netiweki idatuluka pansi pa khola. Makutu ankanjenjemera, thovu litayamba kuoneka pamilomo. A Hezron adadzuka mwamsanga n'kutola botolo lija. Mudali mutatsala soda wokwanira.

"Igwire nyanga," adatero. "Mwina iyi tiipeza msanga."

Rahab adaigwira. Adamva kutentha kwa mutu wake m'manja, ndi kunjenjemera kwake kukulowa m'mikono mwake. A Hezron adaikanula kukamwa, botolo lidafika pamilomo.

"Adada, musaimwetse!"

Botolo lidaima.

"Munali feteleza. M'gaga muja munali feteleza. Ndinayamba ndi gaga ndi feteleza, ndinavindikira, ndinapita ku kwaya. Ndowe ndathira pobwera, zitadya kale."

A Hezron adamuyang'ana. Rahab ankayembekeza khofi, ndipo akadalilandira mokondwa. Koma a Hezron adangokhuthulira sodayo pansi.

"Thyola mandimu," adatero. "Onse amene ungafikire. Utenge mpeni, ndi mtsuko wa madzi akumwa uli kuchipinda. Za iwe tikamba bwino. Thamanga!"

Ulendo uno Rahab adathamangadi. Adakwera mumtengo osasamala minga, yomwe idamung'amba bulauzi ya kwaya ndi khungu lomwe. Adadula mandimu, adafinya mpaka zala kuchita dzanzi, madzi ake akumuluma m'mabala. A Hezron ankamwetsa mbuziyo pang'onopang'ono kuti isatsamwe, botolo la mandimu, kenako la madzi ozizira, kenako la mandimu. Adaiimika miyendo yakutsogolo pamalo okwera, akuisisita mimba.

Adalimbana nayo mpaka mthunzi wa khola udatembenuka. Kenako Netiweki idageya, kugeya kwakukulu konunkha, ndipo mimba idayamba kufewa. Kunjenjemera kudachepa. Idagona pansi, koma mutu udali m'mwamba.

"Ipulumuka?" adafunsa Rahab.

"Sindikudziwa. Tiona kukacha."

6. Mawu a pachitsa

A Hezron adakhala pachitsa chomwe chija cha dzulo. Rahab adakhala pansi, manja ali ndowe ndi madzi a mandimu okhaokha. Chapafupi, Kuponi idali chigonere, ntchentche zitayamba kale kuizungulira.

"Ndatopa nawe, Rahab," adatero a Hezron. "Ndatopa chomene. Ndinakhala pano dzulo, ndinataya malovu anga, iwe n'kumati ndamva, ndamva. Ukanakhala mwana wosamva ndikanati ndi umbuli. Koma iwe unadziwa zonse. N'chifukwa chiyani sunayambe ndi ndowe?"

Rahab adafotokoza za Diana, ndi za dzina lija la NyaKhola. Pozinena mokweza, nkhaniyo idamveka yaing'ono kwambiri moti iye mwini adachita nayo manyazi.

"Fungo," adatero a Hezron, akupukusa mutu. "Fungo limene limachoka ndi sopo wa mbale. Diana ameneyo amadya chiyani kwawo? Chimanga cha amayi ake chimakula ndi perefyumu? Koma zimenezo zisiye. Kusakaniza mokhota ndi kulakwa kwa mwana, ndipo ana amalakwa. Ine pa msinkhu wako ndinatenthapo nkhokwe ya agogo ako ndikuwotcha mbatata. Ukanathamangira kudimba n'kunena kuti adada ndalakwitsa, ndikanakalipa, inde, mudzi wonse ukanamva. Koma tikanathyola mandimu mbuzi zonse zili chiimire."

Adaloza botolo lomwe lidali pansi.

"Chimene chikundiwawa ndi ichi. Ndinakufunsa. Ndinabwerezanso kukufunsa. Iwe unasankha mawu oti ukadzagwidwa udzati sindinaname. Ndipo unandisiya ine, mwini wake, ndiimwetse ndi dzanja langa chinthu choimaliza. Mwina ikanafabe, poti inadya kwambiri. Mwina ikanachira ngati inzakeyi. Sitidzadziwa, ndipo kusadziwako ndidzakhala nako ine. Ukamayankha munthu amene akufuna kupulumutsa chinthu, umupatse zonse, ngakhale zokupweteka. Zodula pakati n'zoopsa kuposa kukhala chete, chifukwa munthu amazikhulupirira n'kuchitapo kanthu."

Rahab ankalira tsopano, osabisa.

Nthawi imeneyo NyaBanda adatulukira, chitenje chili mbuu ndi fumbi, m'manja mulibe kanthu. Adali atayamba kale kudandaula asanafike.

"Alamu, lero ndiye atiuza kuti tibwere Lolemba. Tsiku lonse padzuwa, osadya, kenako munthu angotuluka n'kunena kuti..."

Adaona mbuzi ili gone. Adaona manja a mwana wawo.

"Muwauze amayi ako," adatero a Hezron. "Zonse."

Rahab adanena zonse, kuyambira mafuta onunkhira mpaka soda. NyaBanda adakhala pansi mwadzidzidzi.

"Mwana iwe," adatero. "Ine kupsa ndi dzuwa kufuna thumba limodzi, iwe kuno ukupha mbuzi ya eni ake? Alamu, ndilankhule chiyani ine? Ndibweza bwanji?"

"Simubweza kanthu, alamu," adayankha a Hezron. "Mbuziyo inali yanga. Koma mwana anali m'mimbayo sanali wanga."

A Hezron adapitiriza, akuyang'ana pansi.

"Ku msonkhano wa kalabu mwezi watha tinakangana za banja loyenera kulandira mwana wa Kuponi. Ofuna anali ambiri. Ine ndinaimirira ndi msana wangawu, ndinati pali mkazi wa mng'ono wanga, akulera yekha mwana wa sukulu, ndipo mwanayo ndi wodalirika, mbuzi adzaisamala. Anavomera. Sindinakuuzeni, ndimafuna Rahab adzangoona ndikumupatsa chingwe."

NyaBanda adaphimba nkhope ndi chitenje. Rahab adayang'ana mimba ya Kuponi, yomwe mudzi wonse unkaiyang'ana miyezi yonseyi, ndipo kwa nthawi yoyamba adadziwa kuti idali ya yani.

"Nyama iyi sitidya," adapitiriza a Hezron. "Tenga khasu, ukakumbe kuseri kwa nthochi. Ukamaliza uthire manyowawa m'matumba, umange. Mvula siidikira maliro a mbuzi."

Rahab adatola khasu. Asanapite patali a Hezron adamuitananso.

"Chinanso. Mbuzi ya boma ikafa, a kalabu amayenera kumva mmene yafera. Mawa tikatuluka m'tchalitchi abwera kuno. Ine sindinama, komanso sindikulankhulira. Uima wekha pamaso pawo, unene monga wanenera kwa amayi akowa."

"Abwera ndani, adada?"

"Wapampando. Amayi ake a Diana. Ndipo ukuwadziwa, sayenda okha, buku la kalabu amawanyamulira ndi mwana wawoyo."

Rahab adayang'ana manja ake. Ndowe zidali zitauma mpaka m'zigongono, zitalowa m'zikhadabo ndi m'mabala a minga. Pansi pa khola, Netiweki idayesa kudzuka, idagwada, n'kugonanso.